Gule ndi Nyengo Yake: Za ku Chichiri ndi za ku Nagasaki

Anthu a ku Soche amene anakula m'nthawi ya ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda akukumbukira bwino m'mene bwalo la zamasewera la ku Chichiri linkadzazira pa 6 July chaka ndi chaka. Magule ankachokera m'maboma onse: ingoma, beni, tchopa, chimtali, ngakhalenso zilombo za gule wamkulu, ndipo gulu lililonse linkapatsidwa mphindi zowerengeka kuti livine pamaso pa Mtsogoleri ndi alendo. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, yotsegulidwa m'chaka cha 1966, kumene mlendo amaonetsedwa ng'oma ndi zida za makolo. Motero tinazolowera maganizo akuti mwambo ungathe kuzulidwa pa nyengo yake ndi kuonetsedwa tsiku lililonse limene woonerera wafika. Tiyenera kufunsa chimene chimatsala mwambo ukazulidwa chotero, ndipo mbiri ya Eklezia wa ku Japan itithandiza, pakuti dzikolo ndi lotchuka poonetsa alendo zikondwerero zake.

Mlendo wopita ku Japan pa ulendo wokhala ndi womutsogolera amakaona maluwa a sakura mu April, chikondwerero cha Gion ku Kyoto mu July, ndi Obon mu August, pamene mabanja amalandira mizimu ya makolo awo. Kuyambira pa 7 mpaka pa 9 October amafika ku Nagasaki kukaonerera Kunchi, pamene anyamata amavinitsa chinjoka chachitali pabwalo la kachisi wa Suwa. Ndi zosangalatsa ndithu, koma chiyambi chake n'chowawa. Francis Xavier Woyera anafika ku Japan m'chaka cha 1549, ndipo posakhalitsa Nagasaki unasanduka mzinda wa Akhristu. M'chaka cha 1597 Akhristu 26 anapachikidwa pamitanda mumzindamo. Mu 1614 Chikhristu chinaletsedwa m'dziko lonse ndipo matchalitchi anagwetsedwa. Kunchi inayamba m'chaka cha 1634, olamulira akuumiriza anthu a mumzinda kuti achite nawo mwambo wa kachisiyo poonetsa kuti ataya chipembedzo chachilendo. Chaka chatsopano nacho chinali ndi mwambo wake: munthu aliyense ankaponda chithunzi cha Ambuye Yesu kapena cha Amayi Maria pamaso pa akuluakulu a boma.

Akhristu amene anabisala m'midzi anakhala zaka zoposa 200 opanda wansembe, opanda Misa. Anasankha pakati pawo munthu wobatiza, ndi wina wamkulu wosunga kalendala ya Eklezia, imene inawerengedwa potsata miyezi ya chaka chomwecho cha 1634. Ntchito ya mkuluyo inali kudziwitsa mabanja masiku oyera, masiku osala kudya ndi masiku opemphera. Pa 17 March 1865 anthu ochepa a ku Urakami analowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura, chomangidwira Azungu, nadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean. Atafunsa za chifanizo cha Maria Woyera, anamuuzanso kuti amakumbukira kubadwa kwa Ambuye m'mwezi wozizira, ndi kuti tsopano ali m'nyengo ya chisoni. Inalidi nyengo ya Lenti. Chiletso chinachotsedwa m'chaka cha 1873.

Apa tiona makalendala awiri a chaka chimodzi, ina ya boma, ina ya obisala, ndipo onse ankadziwa kuti kusunga tsiku ndiko kuvomereza chikhulupiriro. Ife amene tinaphunzira kuti chikhulupiriro chimasungidwa ndi ziphunzitso zolondola tiyenera kudzichepetsa pang'ono: mapemphero a Chilatini a anthu aja anapotoka kwambiri m'kamwa mwawo, koma Lenti sanamutaye.

Kwathu kuno nkhondo inalinso ya nyengo. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano wa amishoni ndi anyau unakula kwambiri m'chigawo cha pakati. Kawirikawiri timaufotokoza ngati mkangano wa kuwala ndi mdima, koma pansi pake panali funso lakuti mwana akhala kuti m'chilimwe anthu atakolola, kusukulu kapena kudambwe, ndi lakuti mwini maliro ndani. Gule wamkulu ankatuluka pa chinamwali, pa maliro, pa chikumbutso cha akufa ndi polonga mfumu. Amishoni aja mwina anaweruza mofulumira, ndipo zambiri sanazimvetse. Komabe iwo pamodzi ndi anyau ankagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti guleyo si masewera. Chilombo chovina pa maliro chimaperekeza mzimu wa munthu wodziwika dzina ndi mbumba yake. Chilombo chomwecho chikavina pa Chichiri chimaperekeza yani?

Sitikunena kuti kuonetsa alendo n'kulakwa. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, kumene mlendo amauzidwa tanthauzo la chilombo chilichonse ndi mwambo umene chimatulukira, ndipo ntchito imeneyo yaphunzitsa ansembe ambiri zimene seminale sinawaphunzitse. Bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu mu 2005, ndi malo a Akhristu obisala a ku Nagasaki mu 2018, kotero kuti zonse ziwiri zili pa njira ya alendo. Koma ulemu wotere umagwa pa zimene maso aona, ndipo wansembe akaimira pomwepo aweruza ngati mlendo.

Mkhristu wa ku Dedza wogwira ntchito ku Limbe sadzudzulidwa ndi mphakati wake chifukwa choonerera zilombo pabwalo la zamasewera. Mlandu umabuka pamene wapempha tchuthi mu August kapena mu September, napita kumudzi kukamanga chiliza cha bambo ake, kumene achibale aitana gule. Pobwera amafika kwa bambo mfumu kudzafunsa ngati angalandirebe Ukaristia.