Lamulo la mayankho asanu la Nevanlinna

Lamulo la mayankho asanu ndi mfundo ya masamu imene Rolf Nevanlinna wa ku Finland anatsimikiza mu 1926. Limapezeka mu nthambi ya masamu yotchedwa complex analysis, ndipo limayankha funso lakuti: kodi munthu ayenera kudziwa zochuluka bwanji za function kuti aisiyanitse ndi zina zonse?

Matanthauzo

Function ndi njira imene imalandira nambala n'kutulutsa yankho. Manambala a complex amalembedwa a + bi, pomwe i kuchulukitsa ndi i yankho lake ndi −1. Meromorphic function ndi function ya manambala amenewa yomwe imasintha mosalala paliponse, kupatula pa malo apatalipatali pamene yankho lake limakula mopanda malire. Yankho lotere limalembedwa ∞. Chitsanzo ndi 1/z, yomwe imapereka ∞ pa z = 0.

Ma function awiri, f ndi g, amati agawana yankho a ngati malo onse amene f imatulutsa a ali omwewo amene g imatulutsanso a.

Zimene lamuloli limanena

Ngati f ndi g ndi ma meromorphic function pa manambala onse a complex, osapereka yankho limodzimodzi paliponse, ndipo agawana mayankho asanu osiyana, ndiye kuti f ndi g ndi function imodzi.

Mayankho anayi sakwanira. Ma function e^z ndi e^(−z) ndi osiyana, koma amagawana 0, 1, −1 ndi ∞. Onse awiri satulutsa 0 kapena ∞ pena paliponse, ndipo 1 ndi −1 amawatulutsa pa malo ofanana. Komabe Nevanlinna anaonetsanso kuti ngati ma function awiri agawana mayankho anayi, ndipo pa malo aliwonse yankholo likubwera maulendo ofanana, imodzi imapezeka kuchokera ku inzake pogwiritsa ntchito Möbius transformation. Mu 1983, Gary Gundersen anatsimikiza kuti zimenezi zimachitikabe ngakhale kufanana kwa maulendoku kutadziwika pa mayankho awiri okha mwa anayiwo.

Mbiri

Maziko ake ndi ntchito ya Émile Picard wa ku France, yemwe mu 1879 anaonetsa kuti function yosalala paliponse, yopanda ∞, singaphonye mayankho oposa limodzi pokhapokha ngati ili yosasintha. Mu 1925 Nevanlinna anafalitsa mu magazini ya Acta Mathematica njira yoyezera kuchuluka kwa maulendo amene function imatulutsa yankho lililonse, ndipo lamulo la mayankho asanu linatuluka m'menemo.

Nevanlinna anabadwira ku Joensuu pa 22 October 1895 ndipo anamwalira ku Helsinki pa 28 May 1980. Anatsogolera yunivesite ya Helsinki kuyambira 1941 mpaka 1945. Mphoto ya masamu a kompyuta imene bungwe la International Mathematical Union linkapereka kuyambira 1982 mpaka 2018 inkatchedwa dzina lake.