Moto Wobisika wa Nyenyezi Zokalamba

Pamene setilaiti ya OAO-2 inakwezedwa kumwamba mu Disembala 1968, akatswiri a zakuthambo anali atakhazikika pa chiphunzitso chakuti milalang'amba yobulungira, imene inaleka kubala nyenyezi zaka mabiliyoni ambiri zapitazo, ndi mudzi wa nkhalamba zokhazokha, ndi kuti nyenyezi zake, pokhala zofiirira ndi zochepa moto, sizingatulutse cheza chambiri cha ultraviolet, chija diso la munthu silichiona, chimenenso mpweya wa dziko lathu umachitchinga kuti chisafike pansi. Koma taonani, mu 1969 Arthur Code wa ku Wisconsin analengeza kuti pakatikati pa mlalang'amba wa Andromeda, pamene pali nyenyezi zakalekale zamtundu womwewo, chezacho chinali kunyezimira koposa muyeso umene anayembekeza.

Ena anaganiza kuti mwina pali nyenyezi zongobadwa kumene zimene zabisala pakati pa akuluakuluwo, ndipo sitingawadzudzule, pakuti moto wotere umadziwika ndi ubwana. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1988 David Burstein ndi anzake, posanthula zimene setilaiti ya IUE inasonkhanitsa, anapeza kuti chezacho chimakula m'milalang'amba yolemera ndi magnesium. Ndipo telesikopu ya Hopkins, imene inakwera ndi chombo cha Columbia mu 1990 nipenya mlalang'amba wa NGC 1399, kenaka ndi Endeavour mu 1995, inaonetsa kuti gwero lake ndi nyenyezi zotentha pafupifupi madigiri 25,000, kuposa kanayi kutentha kwa nkhope ya dzuwa lathu. Mu 2000 Thomas Brown ndi anzake anaziona imodziimodzi mu mlalang'amba wa M32 ndi telesikopu ya Hubble.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti nyenyezizi ndi nkhalamba ndithu: nyenyezi yonga dzuwa ikafika kumapeto a moyo wake imatupa nifiira, ndipo ikataya pafupifupi chofunda chake chonse cha kunja, chimatsala ndi chimtima chake, cholemera ngati theka la dzuwa, chikuyaka helium poyera.

Koma ndani amaivula chofundacho? Pano mlandu sunathe. Ena amati mphepo ya nyenyeziyo yomwe. Zhanwen Han ndi anzake mu 2007 anati ndi nyenyezi inzake yozungulirana nayo imene imailanda. Enanso amati chinsinsi chake n'chakuti nyenyeziyo inabadwa kale ndi helium wochuluka, monga zimaonekera m'gulu la nyenyezi la NGC 2808.