Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mkangano wa makuponi a sukulu ku America

Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kumudzi mwambiwu unkaoneka ndi maso: mwana wopezeka pakhomo la eni nthawi ya nsima ankasambitsidwa m'manja, ndipo akalakwa wamkulu aliyense ankamudzudzula. Sukulu ya boma inamangidwa pa nzeru yomweyi, pakuti munthu amakhoma msonkho wophunzitsira ana amene mwina sadzawaona nkomwe. Ku United States of America anthu akhala akukangana za msonkho umenewu kwa zaka 70: kodi ndalamazo zipite ku sukulu ya boma, kapena zitsate mwana kulikonse kumene makolo ake amusankhira?

Ganizoli linatchuka m'chaka cha 1955 ndi Milton Friedman, katswiri wa zachuma wa pa yunivesite ya Chicago. Iye anati boma lizilipira maphunziro, koma lisamayendetse lokha sukulu. Kholo lizipatsidwa chikalata cha ndalama, chimene Amereka amachitcha voucher, n'kukachipereka ku sukulu ya kumtima kwake. Amene anagwirapo kuponi ya feteleza ku Malawi kuyambira 2005 sangavutike kumva m'mene chikalatachi chimagwirira ntchito. Friedman ankakhulupirira kuti sukulu zikamalimbirana ana monga amalonda alimbirana ogula, zaulesi zidzagwa zokha.

Koma amene anathamangira makuponi m'zaka zimenezo sanali kufuna mpikisano ayi.

M'boma la Prince Edward, ku Virginia, ana achikuda ankaphunzira pa sukulu ya Moton, imene inamangidwira ana 180 koma munkapanikizana oposa 450, ena m'zisakasa zodontha. Mu April 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake kunyanyala maphunziro. Dandaulo lawo linaphatikizidwa ndi ena anayi pa mlandu wa Brown, umene bwalo lalikulu la dzikolo linagamula pa 17 May 1954 kuti kulekanitsa ana m'sukulu potengera khungu n'kuphwanya malamulo. Akuluakulu a Prince Edward anakokakoka mpaka 1959, ndipo ataona kuti kothawira kwatha anangokana kupereka ndalama za maphunziro. Sukulu zonse za boma zinatsekedwa.

Ana a azungu sanagone ndi njala ya maphunziro. Anawatsegulira sukulu yawoyawo, Prince Edward Academy, ndipo m'chaka cha 1960 makolo awo anayamba kulandira ndalama za fizi zochokera ku msonkho, mpaka khoti linaletsa mu 1961. Ana achikuda pafupifupi 1,700 anatsala padzuwa. Ena anatumizidwa kwa achibale kutali, ena ankaphunzitsidwa m'matchalitchi ndi anthu ongodzipereka, ambiri anangokhala. Makolo awo nawonso ankakhoma msonkho. Zitseko zinatsegulidwanso mu 1964 bwalo lalikulu litalamula, koma mwana amene anali ndi zaka 6 potseka anali tsopano ndi zaka 11, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kuti zaka zophunzirira kuwerenga zikapita sizibwezedwa ndi chigamulo cha khoti.

Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka 26, amene anaukitsa makuponi anali mayi wachikuda. Annette Polly Williams, phungu wa nyumba ya malamulo ya Wisconsin, anatopa kuona ana osauka a mumzinda wa Milwaukee akukwezedwa mabasi kupita ku sukulu zakutali n'kumalepherabe. Ngakhale anali wa chipani cha Democratic, anagwirana manja ndi bwanamkubwa Tommy Thompson wa Republican, ndipo mu 1990 ana 341 analowa m'sukulu 7 zomwe si zaboma pa ndalama za msonkho. Lamulolo linali la mabanja osauka okha, ndipo sukulu za mipingo sizinali m'gulumo. Mayiyu ankati anthu olemera akhala akusankhira ana awo sukulu kuyambira kale. Wosauka yekha ndiye amauzidwa kuti adikire mpaka sukulu ya boma idzakonzedwe. Mfundo imeneyi si yopepuka. Otsutsa, makamaka mabungwe a aphunzitsi, ankayankha kuti mwana akachoka ndi ndalama zake, denga, magetsi ndi malipiro a mphunzitsi sizichepa, ndipo otsala m'kalasi ndi aja amene makolo awo alibe mpata kapena nzeru zoyendera mafomu.

Kenaka nkhani inafika pa zachipembedzo. Mumzinda wa Cleveland, ana 96 mwa 100 alionse olandira makuponi ankaphunzira m'sukulu za mipingo, pamene malamulo a dzikolo amaletsa boma kukondera chipembedzo. Mu 2002 oweruza 5 mwa 9 a bwalo lalikulu anati palibe cholakwa, chifukwa wosankha ndi kholo osati boma. Agogo a ku Malawi amaidziwa mbali imeneyi mwa njira yawo. Boma la Nyasaland, limene linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, linkathandiza sukulu za mishoni ndi ndalama za msonkho, ndipo makolo ambiri achisilamu ankasunga ana awo kunyumba poopa kuti akatembenuzidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ndalama zinkapita kwa mishoni, kholo silinkagwira kanthu m'manja.

Ku Wisconsin mpanda umene Williams anamanga sunakhalitse. Sukulu za mipingo zinaloledwa m'ma 1990 momwemo, ndipo mu 2011 makuponi anatsegulidwira mabanja opezako bwino. Mayiyu anadandaula poyera kuti ntchito imene anaiyambira amphawi yalandidwa ndi ena. Anamwalira mu 2014. Patangopita zaka 8, boma la Arizona linakhazikitsa lamulo lopereka ndalama zoterezi kwa mwana aliyense, wosauka ndi wolemera yemwe, ndipo ambiri mwa amene anayamba kulembetsa anali ana amene sankaphunzira kale m'sukulu za boma.