Kodi Chipulumutso Chingatayike? Mbiri ya Funso Limene Lidafika ku Mbombwe ndi ku Nguludi



Ambiri mwa inu amene muli ku sekondale, ngakhalenso amene mumakwera minibasi za ku Limbe, mudafunsidwapo kuti, "Kodi unapulumutsidwa?" Mukachedwa kuyankha, wofunsayo amaonjeza kuti iye adalandira Yesu tsiku lakutilakuti, ndipo kuchokera tsikulo wapulumukiratu, kaya achimwe kaya agwe. Mkatolika amangoti kakasi, chifukwa katekisimu adamuphunzitsa kuti tchimo lalikulu limachotsa chaulere cha Mulungu mumtima. Ena amabwerera kunyumba ndi mantha, ena amasiya ndi Misa yomwe nkupita kumene awalonjeza chitsimikizo. Sabata ino tiyeni tilondole mapazi a chiphunzitso chimenechi. Chili ndi kwawo, chili ndi zaka zake, ndipo njira imene chidadzera idadutsa m'boma lathu lino la Chiradzulu.

Funsoli ndi lakalekale

Malembo Oyera amatipatsa mitolo iwiri. Pa Yohane 10:28-29 Ambuye akulonjeza kuti nkhosa zawo nzotetezeka m'manja mwawo, ndipo pa Aroma 8 Paulo Woyera akutsimikiza kuti chikondi cha Mulungu nchamphamvu kuposa cholengedwa chilichonse. Komabe pa Yohane 15 Ambuye omwewo akuchenjeza za nthambi imene imauma ikachoka ku tsinde, ndipo pa 1 Akorinto 9:27 Paulo yemweyo akudziletsa poopa kuti angalephere iye mwini atalalikira kale anthu ena. Mbiri yonse ya funso lathuli ndi mbiri ya akhristu ofunafuna nkhata yosenzera mitolo iwiriyi pamutu umodzi.

Cha m'ma 390 ku Rome kudali mmonke wina dzina lake Jovinian, amene ankaphunzitsa kuti munthu wobatizidwa ndi chikhulupiriro chenicheni sangagwetsedwenso ndi Satana. Papa Siricius adakana chiphunzitsocho, ndipo Jerome Woyera adalemba zomutsutsa mu 393. Patapita zaka zoposa makumi atatu, Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, adalisanthula funsoli mozama atatsala pang'ono kumwalira mu 430. Iye adaphunzitsa kuti kupirira mpaka mapeto ndi mphatso ya Mulungu, yosagulika ndi mphamvu za munthu. Adatinso alipo obatizidwa amene amayamba bwino koma nkugwa panjira, ndipo palibe amene angadziwe akadali moyo kuti mphatsoyo wailandira. Nchifukwa chake mkhristu amaipempha tsiku ndi tsiku.

Mpingo utagawikana

Ambiri amaganiza kuti mipingo yonse imene idapatukana ndi Rome imati chipulumutso sichitayika. Mbiri ikukana. Otsatira Martin Luther, m'chivomerezo chawo cha ku Augsburg cha 1530, adatsutsa anthu onena kuti amene wayesedwa wolungama sangatayenso Mzimu Woyera. Amene adatsegula njira ina ndi John Calvin wa ku Geneva. Iye adatenga maganizo a Augustine onena za kusankha kwa Mulungu nawapititsa patsogolo: osankhidwa sangatayike konse, ndipo amene wagweratu ndiye kuti chikhulupiriro chake chidali cha kanthawi chabe.

Eklezia Katolika adapereka chiphunzitso chake ku Msonkhano wa ku Trent pa 13 Januwale 1547. Maepiskopi adati aliyense aike chiyembekezo cholimba pa chithandizo cha Mulungu, popeza Mulungu amatsiriza ntchito imene waiyamba pokhapokha munthu mwini wake atakana chaulerecho. Adaletsa kudzitsimikizira kotheratu kuti udzapirira, kupatula ngati Mulungu wakuululira mwapadera. Adaphunzitsanso kuti wogwa m'tchimo lalikulu angathe kudzuka kudzera m'Sakramenti la Kulapa, limene akale adalifanizira ndi thabwa logwira munthu amene ngalawa yamuswekera pakati pa nyanja.

Pakati pa otsatira Calvin pomwe padabuka mkangano. Ophunzira a Jacobus Arminius ku Netherlands adayamba kukayika ngati wokhulupirira sangagwe. Msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 udawatsutsa ndipo udakhazikitsa chiphunzitso cha kupirira kwa oyera mtima. Tamvetsani bwino zimene udanena. Udavomera kuti wokhulupirira weniweni angagwe m'machimo oopsa monga adachitira Davide ndi Petulo, koma udati Mulungu adzamudzutsa ndithu ndi kumubwezera ku kulapa. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, chimene Mpingo wa ku Scotland udalandira, chidatsata njira yomweyo. Nawo a Baptist a ku America, m'chivomerezo cha ku New Hampshire cha 1833, adati chizindikiro chachikulu cha wokhulupirira weniweni ndi kukangamira Khristu mpaka mapeto. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa akuluakuluwa amene adaphunzitsa kuti munthu angafe osalapa nkukalowa kumwamba chifukwa cha pemphero la tsiku limodzi.

Mayankho awiri m'boma limodzi

Mikangano ya ku Ulayayi idafika kwathu kuno m'zikwama za amishoni. A Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ali ndi chivomerezo cha ku Westminster. A Dutch Reformed Church adafika ku Mvera mu 1889, ali ndi ziphunzitso za ku Dort. Ku Chiradzulu, chiphunzitso cha a Baptist chidabwera ndi mwana wa m'boma lomwe lino. John Chilembwe adakumana ndi Joseph Booth mu 1892, adabatizidwa mu 1893, ndipo mu 1897 adapita naye ku America, kumene adaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America, umene mfundo zake zachikhulupiriro zidatengera chivomerezo cha ku New Hampshire chija.

Chaka chotsatira, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo pasanapite zaka zambiri adatsegula mishoni ya Nguludi. Mu 1910 Ambuye Louis Auneau adakhala episkopi wa dera la Shire. Tsono Mbombwe ndi Nguludi zidayandikana, mtunda woyenda wapansi. Mishoni ziwirizi zinkamanga sukulu m'midzi yoyandikana ndipo zinkalalikira anthu amodzimodzi: Amang'anja, Ayao, ndiponso Alomwe ambirimbiri amene ankalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique. Ku Mbombwe munthu ankabatizidwa ali wamkulu, pomizidwa m'madzi atavomereza yekha chikhulupiriro chake. Ku Nguludi ankabatiza akulu otsiriza maphunziro a katekisimu ndiponso makanda, nkuwaphunzitsa kulapa ndi kulandira Ukaristia ngati kamba wa paulendo. Kusiyana kwa Dort ndi Trent kudakhala kusiyana kwa midzi iwiri yotungira madzi pachitsime chimodzi.

Januwale wa 1915

Zimene zidachitika mu 1915 sizidayambe ndi mkangano wa chiphunzitsochi. Zidayamba ndi thangata ndi nkhanza za m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kutenthedwa kwa nyumba zopemphereramo za PIM m'mindamo, msonkho, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu imene idayamba mu 1914. Madandaulo amenewa adali oona, ndipo nchifukwa chake dziko lathu limakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, ndipo azungu atatu adaphedwa, mmodzi mwa iwo William Jervis Livingstone. Pa 26 Januwale gulu lina lidaukira mishoni ya Nguludi, moto udabuka pamishonipo, ndipo Bambo Swelsen adavulazidwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaphedwa akulowera ku malire a Mozambique. Boma la atsamunda lidagumula tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe, lidapha anthu makumi angapo ndi kuponya mazana m'ndende.

Kuweruza mitima ya anthu amenewa ndi kwa Mulungu yekha. Koma mbiriyi ikutiphunzitsa kanthu pa funso lathu. Ambiri mwa amene adanyamula mikondo usiku umenewo adali obatizidwa. Eni minda amene ankagwiritsa anthu thangata, ndi akuluakulu a boma amene adalamula zonyonga, adachokera m'maiko odzitcha achikhristu. Ku Ulaya nakonso, Akatolika ndi Apulotesitanti ankaphana m'maenje a nkhondo. Ubatizo ndi kutembenuka mtima zimapatsa munthu moyo watsopano weniweni, komabe zimamusiyira ufulu wake, ndipo ndi ufulu umenewo angathe kumanga kapena kutentha. Tsiku limene udalandira Khristu silikusankhira zimene udzachite usiku wa mayesero.

Chachiwiri chimene mbiriyi ikutionetsa ndi zimene zidatsatira. Mishoni ya ku Mbombwe idakhala yotsekedwa zaka 11. Akhristu ake adabalalika, koma adalipo otsala amene adasunga chikhulupiriro chawo mwakachetechete mpaka Dr. Daniel Malekebu atabwera nkuitsegulanso mu 1926. Ku Nguludi nako akhristu adachotsa phulusa nkumanganso. Pamalopo lero pali chipatala cha St. Joseph ndi Catholic University of Malawi, imene idatsegulidwa mu 2006. Makolo a mbali zonse ziwiri, ngakhale mabuku awo ankasiyana, moyo wawo udanena chinthu chimodzi: chikhulupiriro ndi chopirira nacho. Paja tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha.

Mawu a masiku ano

Nanga zoti "ukapulumuka wapulumukiratu", popanda kutchula kulapa kapena kupirira, zidachokera kuti? Kalankhulidwe kameneka kadakula m'misonkhano ya chitsitsimutso ya ku America m'zaka za m'ma 1900, kumene munthu ankaitanidwa kutsogolo, nkunena pemphero lalifupi, nkuuzidwa kuti nkhani yatha. Mbusa Charles Stanley wa ku Atlanta, m'buku lake la 1990, adafika pophunzitsa kuti ngakhale munthu atasiya kukhulupirira, chipulumutso chake chimakhalapobe. Calvin sakadavomera zimenezo, ngakhalenso olemba chivomerezo cha ku New Hampshire. Kwathu kuno maganizowa adafala ndi wailesi, timabuku ndi alaliki oyendayenda, makamaka kuchokera pamene gulu la obadwanso mwatsopano lidakula mumzinda wa Blantyre m'zaka za m'ma 1970. Dziwaninso kuti mipingo yambiri yosakhala ya Katolika, monga Assemblies of God, Methodist ndi Seventh-day Adventist, imaphunzitsa kuti wokhulupirira angathe kutaya chipulumutso. Mkatolika sali yekha pa mfundo imeneyi.

Padachitikanso chinthu chokondweretsa. Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda womwe uja wa Augsburg, Eklezia Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse adasainirana chikalata chogwirizana pa za kulungamitsidwa. Adavomerezana kuti timapulumuka ndi chaulere cha Mulungu mwa Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti wokhulupirira angadalire malonjezo a Mulungu kotheratu ngakhale akudziwa kufooka kwake. A Methodist adalowa nawo mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse lidalowa mu 2017 ku Wittenberg. Kusiyana kudakalipo, koma zidzukulu za anthu a ku Trent ndi a ku Dort zikutha kukhala pamphasa imodzi.

Tiyankhe bwanji?

Mnyamata kapena mtsikana wachikatolika asachite manyazi ndi funso lija. Ayankhe mofatsa kuti Khristu adamuombola pamtanda ndipo adamupatsa moyo watsopano mu Ubatizo, kuti Khristu akumupulumutsabe lero ndi Mawu ake ndi masakramenti, ndiponso kuti akuyembekeza ndi mtima wonse kudzapulumuka pa tsiku lomaliza. Za Mulungu tili nacho chitsimikizo chonse, pakuti Iye sasintha ndipo satopa kukhululuka. Za mtima wathu tili ndi chifukwa chokhalira maso. Mlimi wa ku Chiradzulu amakondwa chimanga chikamasula ngaiyaye, koma salekerapo kupita kumunda, chifukwa akudziwa kuti kudakali mbozi, akuba ndi ng'amba chisanalowe m'nkhokwe.

Chiphunzitso chathu chili ndi machenjezo awiri. Amene akuti sangagwe, nkumapitiriza chibwenzi chonyansa, kuledzera kapena kubera mayeso podalira pemphero lakale, akudzinamiza. Amene wagwa nkumati Mulungu wamutaya, nayenso akulakwira chifundo cha Mulungu. Petulo ndi Yudasi onse adachimwira Ambuye usiku umodzi. Petulo adalira nkubwerera, Yudasi adataya mtima. Ngati papita miyezi kapena zaka usanapite kukalapa, usadikire Lenti. Kaonane ndi Bambo Mfumu sabata ino, ubwerere kumphakati wako, ndipo anzako a mipingo ina ukambirane nawo mwaulemu, pokumbukira kuti makolo athu ndi awo adalira maliro m'chaka chimodzi.

Tipemphere: Inu Mulungu Atate, amene mudatiitana mu Ubatizo, tigwireni dzanja tikamaterereka, tidzutseni tikagwa, ndipo mutipatse mphatso ya kupirira mpaka tsiku lathu lomaliza. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.