Zisudzo za M'maholo Athu: Zokoma ndi Zowawa Zake

Anzanga a m'chaka changa mukukumbukira Loweruka lija m'chaka cha 1995, tili Fomu 2, pamene tinanyamula mabenchi a m'chipinda chodyera kupita nawo ku holo chifukwa kunabwera gulu la zisudzo la ku boma kwathu. Ambiri tinalipira pakhomo ndi ndalama ya sopo. Nsalu yotchinga inali mabulangete awiri olumikiza ndi mapini. M'sewerolo munali phungu wa Nyumba ya Malamulo amene anafika kumaliro ndi kuyamba kupempha mavoti mtembo usanaikidwe. Ife tinaseka mpaka misozi, koma ndinaona aphunzitsi athu a Chichewa akucheukira kukhomo asanaseke. Panapita zaka ndisanamvetse chifukwa chake.

Aphunzitsi aja anakulira m'nthawi ina. Lamulo la 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo linkafuna kuti sewero lililonse liyambe lawerengedwa ndi kuvomerezedwa ndi akuluakulu a boma lisanaonetsedwe kwa anthu. Komabe zisudzo zinakula. Mpikisano wa ATEM wa sukulu za sekondale unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo m'chaka cha 1970 ku Chancellor College kunabadwa gulu la Travelling Theatre limene linkayendera masukulu ndi maholo a m'maboma. Olemba masewero anaphunzira kuphiphiritsa. Ankabisala m'nthano ndi m'mbiri yakale, monga anachitira a Steve Chimombo m'sewero lawo la The Rainmaker lonena za Mbona. Oonerera nawonso anaphunzira kumva zimene sizinanenedwe, ndi kuseka mosamala.

M'chaka cha 1980 ku Blantyre kunayamba gulu la Kwathu, lochita masewero m'Chichewa. M'menemo ndi mmene munatchukira a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo. A Du Chisiza Jr., amene anayamba kudziwika pa mpikisano wa ATEM ali mwana wa sukulu ku HHI, anakhazikitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987, ndipo anaonetsa kuti munthu angathe kudya za zisudzo. Pa wailesi ya MBC tinkamvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Timagulu ta m'matauni ndi m'maboma tinkatengera kwa akatswiri amenewa, ndipo n'chifukwa chake pafupifupi boma lililonse linali ndi Izeki wakewake.

Koma walira mvula walira matope. Aliyense wokonda zisudzo za m'maholo athu anakhumudwapo. Chikalata pamtengo chimati sewero liyamba 1 koloko, koma 3 koloko imakwana ochita sewero akudikirabe kuti holo idzaze. Tsiku lina magetsi anazima pakati pa sewero, ndipo injini imene anabwereka inalira kwambiri kotero kuti mawu a mfumu sitinawamve. Ulendo wina ndinayenda mtunda wautali chifukwa analengeza kuti kubwera katswiri wa ku Blantyre. Sanabwere, ndipo ndalama zathu sizinabwezedwe.

Chokhumudwitsa chachikulu chinadza pang'onopang'ono. Ufulu wolankhula utabwera m'chaka cha 1994, tinkayesa kuti zisudzo zikula koposa. Koma zimene kale tinkazimvera m'holo mokha zinayamba kupezeka m'nyuzipepala iliyonse. Magulu ambiri anayamba kudalira ndalama za mabungwe, ndipo masewero ena anasanduka ulaliki: wochita sewero amaima kutsogolo ndi kutiwerengera malangizo ngati tili kusikelo. Wailesi yakanema ya dziko lino inatsegulidwa m'chaka cha 1999, ndipo m'chaka chomwecho a Chisiza anamwalira ali ndi zaka 35 zokha. Mafilimu a ku Nigeria anadzaza timanyumba ta vidiyo m'misika. Mayi Gertrude Kamkwatira anatisiya mu 2006, a Nyanga mu 2016, a Mabedi mu 2021. French Cultural Centre ya ku Blantyre, imene inali kwawo kwa zisudzo, inaonongedwa ndi akuba Afalansa atachokapo mu 2011.

Nanga tinene kuti zisudzo zinatha? Chaka chatha, ndili pa ntchito ya boma m'boma lina la m'chigawo chapakati, ndinalowa m'holo mmene anyamata ndi atsikana asanu ndi awiri ankachita sewero la mayi wamasiye wolandidwa katundu. Oonerera tinalipo osakwana makumi awiri. Anayamba mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo ndevu za malume wolanda katunduyo zinagwa kawiri. Koma atanyamula makina osokera a wamasiye uja, agogo ena amene anakhala kumbuyo kwanga anaimirira ndi kukuwa kuti, "Siyani amenewo, anawa adya chiyani!" Holo inakhala chete. Nkhani za chuma cha masiye zimadutsa pa tebulo langa mwezi ndi mwezi, koma tsiku limenelo ndinabwerera ku ofesi ndi manyazi pokumbukira mafaelo amene ndinawachedwetsa.

Ambiri a ife tinaphunzirira kuima pamaso pa anthu pa nsanja ya sukulu yathu, ndipo lero tikulankhula m'makhoti, m'makalasi ndi m'misonkhano. Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wathu wapachaka, pokambirana za mabuku ndi denga la malo ogona, tikumbukirenso kalabu ya zisudzo. Ndipo mukaona chikalata cha sewero pamtengo wa kwanuko, lipirani pakhomo, mulowe. Mudzadikira ndithu, choncho mutenge mtedza wokazinga.