Tsobola Wakale Amene Akuwawabe: Sinthesaiza ndi Banjo ya ku Thyolo

Mu 1970, m'tauni yaing'ono ya Trumansburg m'chigawo cha New York ku America, kampani ya katswiri wa zamagetsi Robert Moog inatulutsa chida choimbira chotchedwa Minimoog. Chinali kabokosi ka matabwa kokhala ndi makiyi 44 ndi timitu topotokola, ndipo mawu ake sankachokera ku nsambo, ku chikopa kapena ku mpweya wa munthu, koma ku mphamvu ya magetsi yokha. M'zaka zomwezo, m'midzi yopanikizana pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, anyamata ankakhoma zigubu za mafuta ndi kukunga mawaya a mabuleki a njinga kuti apange banjo. Zida ziwirizi sizinakumanepo, komabe mbiri yake inayenda njira imodzi: zonse zinatchuka, zonse zinakankhidwira pambali ndi kiyibodi ya dijito, ndipo zonse zayambanso kufunidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti eni ake a Minimoog anasunga zawo, pamene ife sitinasamale zathu mokwanira.

Sinthesaiza ya analogi, monga Minimoog, imapanga mawu m'magawo atatu. Gawo loyamba, lotchedwa oscillator, limanjenjemeretsa magetsi monga momwe nsambo imanjenjemerera ikakhudzidwa. Akanjenjemera msangamsanga mawu amakwera, akanjenjemera pang'onopang'ono mawu amatsika n'kukhala a besi. Gawo lachiwiri ndi sefa, imene imachotsa mbali zina za mawuwo monga mayi asefera ufa. Gawo lachitatu limalamula mmene liwu liyambire ndi mmene lithere, kaya liphulike mwadzidzidzi ngati ng'oma kapena likule pang'onopang'ono ngati chitoliro. Minimoog inali ndi ma oscillator atatu, ndipo inkatulutsa liwu limodzi pa nthawi imodzi. Inalinso ndi khalidwe lina: mkati mwake mukatentha, mawu ankasokonekera pang'ono, ndipo woimba ankayenera kuichunanso. Woimba banjo wa ku Thyolo akanamvetsa vutoli, pakuti chiperoni chikagwa chikopa chimalefuka, ndipo chimafunika kuchiwamba pamoto kuti chikungike.

Moog anaonetsa sinthesaiza yake yoyamba mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Inali yaikulu ngati kabati, yolumikizidwa ndi zingwe zambirimbiri. Chimbale cha Wendy Carlos cha mu 1968, Switched-On Bach, ndicho chinaitchukitsa. Kenako kunabwera zina: Korg MS-20 ndi Prophet-5 mu 1978, yachiwiriyi ikutha kuimba mawu asanu pamodzi ndi kusunga mawu amene woimba wakonza. Mu Africa muno, William Onyeabor wa ku Nigeria ndi Francis Bebey wa ku Cameroon anajambula nyimbo ndi zida zotere m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Koma Minimoog inkagulidwa madola 1,495, ndiponso inkafuna magetsi. Kwathu kuno siteshoni ya magetsi ya Nkula inayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo mawaya ake ankapita kumatauni ndi kumafakitale, osati kumidzi. Ngakhale pa kalembera wa mu 2018, mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi.

Kuti timvetse chimene a ku Thyolo anali nacho m'malo mwa sinthesaiza, tiyenera kuyang'ana nthaka imene ankakhalapo. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo mu 1908; esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa mu 1923. Malo ambiri achonde anali m'manja mwa atsamunda, ndipo okhala pamalowo, ambiri a iwo Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, pamodzi ndi Amang'anja ndi Ayao, ankalipira malo ndi thukuta lawo. Limeneli ndilo thangata, limene lamulo linathetsa mu 1962. Thangata linatha, koma kuchepa kwa malo ndi kwa malipiro kunatsala. Munthu wothyola tiyi tsiku lonse, dengu lili kumsana, sakanatha kugula ngakhale gitala ya m'sitolo.

Banjo ndi gitala zinafala m'dziko muno ndi asilikali obwera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiponso ndi matchona ochokera ku Salisbury ndi ku Joni. Amene analibe ndalama anachiona chidacho, nachipanga ndi zimene zinali pafupi: chigubu kapena mtengo wosema, chikopa cha mbuzi kapena cha mng'azi, mawaya a njinga, ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya kuti zilire ngati maseche. Banjo iliyonse inali ndi liwu lakelake, chifukwa panalibe ziwiri zopangidwa mofanana. Mwa oimba onse a mtundu umenewu, wotchuka kwambiri anali Allan Namoko, mwana wa ku Thyolo, munthu wosaona, amene ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Wailesi ya MBC, imene kwa zaka zambiri inali khomo lalikulu lojambulira nyimbo m'dziko muno, inafikitsa mawu ake m'nyumba zathu za kunyanja. Nyimbo zake zinkanena za amasiye, za maukwati ndi za umphawi, ndipo chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatulutsidwa ndi a Pamtondo mu 1992. Anamwalira mu 1995, luso lake lisanamupatse chuma.

Chimene chinasintha zinthu ku America ndi ku Thyolo komwe chinachokera ku Japan. Mu 1983 kampani ya Yamaha inatulutsa DX7, sinthesaiza ya dijito yogwiritsa njira imene John Chowning anatulukira pa yunivesite ya Stanford. M'malo monjenjemeretsa magetsi, chidachi chimawerengera mawu ndi manambala, choncho sichisokonekera ngakhale kutenthe, ndipo liwu la lero limafanana ndendende ndi la mawa. Anagulitsa zoposa 150,000. Pambuyo pake kunabwera makiyibodi otsika mtengo a Yamaha ndi Casio, ena oyendera mabatire, okhala ndi ng'oma ndi besi mkati momwemo. Ku Jamaica, nyimbo ya Under Mi Sleng Teng ya mu 1985 inamangidwa pa kaimbidwe kopezeka kale m'kiyibodi yaing'ono ya Casio MT-40, ndipo rege anasintha kuyambira pamenepo. Ku South Africa, nyimbo za Brenda Fassie, Chicco Twala ndi Yvonne Chaka Chaka zinadzaza ndi mawu a sinthesaiza, ndipo makaseti ake anafika m'misika yathu.

Motero Amalawi ambiri anadumpha nyengo ya analogi: anachoka pa banjo n'kufikira pa kiyibodi ya dijito. Ku Balaka, Alleluya Band, imene inayamba mu 1978 ndipo inatchuka ndi Paul Banda, inakhala gwero la kaimbidwe katsopano, ndipo Lucius Banda atatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, chaka cha chisankho cha zipani zambiri, kiyibodi inakhala msana wa nyimbo za makaseti. Tisaichepetse mphatso imene inabweretsa. Mnyamata mmodzi ankatha kuimba zimene kale zinkafuna anthu asanu, ndipo kujambula chimbale kunatsika mtengo. Koma inatenganso kanthu. Makiyi ake anachunidwa pa muyeso wa ku Ulaya, pamene zida zathu zakale monga bangwe ndi valimba zinali ndi kachunidwe kakekake. Ng'oma ya m'makina siifulumira kapena kuchedwa potsata phazi la wovina. Ndipo wopanga banjo anasowa womuphunzira. Abale athu a kugombe la Tanzania anaona zomwezo m'zaka za m'ma 1990, pamene magulu a taarabu monga TOT ndi Muungano anaika makiyibodi pamalo pa udi ndi ganuni, mpaka ku Zanzibar anatsegula sukulu ya Dhow Countries Music Academy mu 2002 kuti zida zakalezo zisafe.

Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 oimba a kunja anakhulupirira zomwezo, nagulitsa masinthesaiza awo a analogi pamtengo wolira. Kabokosi ka Roland TB-303, kopangidwa mu 1981 kuti kaziimba besi, kanakanika pamsika ndipo kanasiya kupangidwa mu 1984. Anyamata a ku Chicago a gulu la Phuture anakapeza motchipa, napotokola timitu take m'njira imene opanga sanaiganizire, ndipo nyimbo yawo ya Acid Tracks ya mu 1987 inabala mtundu watsopano wa nyimbo. Lero kabokosi komweko kamagulidwa madola masauzande. Makampani ataona njala imeneyi anabwerera kumbuyo: Korg inatulutsanso MS-20 yaing'ono mu 2013 ndi Minilogue mu 2016, ndipo a Moog anayambanso kupanga Minimoog mu 2016. Chimene oimba akufuna ndi chija ankachiyesa chilema: liwu losakhazikika, lomvera dzanja la munthu, losabwerezeka kawiri mofanana.

Njala yomweyo ndiyo yatengera zida zathu kunja. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amaimba babatoni ya waya umodzi yodzipangira yekha, anadziwika kudzera pa intaneti mpaka kukaimba ku Ulaya. Madalitso Band, imene inkaimba m'misewu ya Lilongwe, inaitanidwa ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo yayenda m'maiko ambiri. Alendo akulipira kuti amve chimene ife tinachitcha chachimidzi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kunyanja. Minimoog inauka chifukwa mapulani ake anasungidwa, zida zakale zinakonzedwa, ndipo amisiri analemba zimene ankadziwa. Banjo ya ku Thyolo ilibe mapulani. Ili m'manja ndi m'mutu mwa okalamba. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo zilipo lero chifukwa wina anaziyesa zamtengo. Za chilamulo cha zida zoimbira tiwasiyire masheikh athu, koma kusunga mawu a makolo ndi udindo wa nyumba iliyonse. M'masutikesi a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli makaseti a sikiri, a kasida ndi a ulaliki wa masheikh amene anatisiya, ndipo kutentha ndi chinyezi cha kunyanja zikudya tepi chaka ndi chaka. Foni imene mdzukulu amaseweretsa ikhoza kujambula agogo akufotokoza mmene ankakungira dufu, ndipo kaseti ikhoza kusamutsidwira pa kompyuta isanafufutike. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Chathu chikadali ndi madzi, ndipo otunga ndife tomwe.