Mabwinja a Kumene Luangwa Athera

Inu a kwa Chifunda mumaudziwa bwino mtsinje wa Luangwa. Koma kodi mudziwa kumene madzi ake amathera? Amathira mu Zambezi, pamalo pamene maiko a Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe akumana. Kumeneko kuli mabwinja amene mungaone pa tsiku limodzi, ngati mwagona pa boma la Luangwa ndi kupeza munthu wakomweko wokutsogolerani. Njira yocokera kwathu ndi yaitali: mudzera ku Lundazi ndi ku Chipata, mutsata mseu wopita ku Lusaka kufikira pa mlatho wa Luangwa, ndipo mutaoloka mukhotera kumwera.

Dzina lakale la boma limeneli ndi Feira, liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Tsidya lina la Luangwa, m'dziko la Mozambique, kuli Zumbo, kumene mudzaolokera pa bwato mutaonetsa ziphaso zanu. Amalonda a Cipwitikizi, ena ocokera ku Goa m'dziko la India, anakhazikika kumeneko kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700. Anali kubwera ndi nsalu ndi mikanda, nagula golide ndi minyanga ya njovu. Amene anali kusenza katunduyo ndi kupalasa mabwato anali akapolo.

Ansembe a cipani ca Dominiko anamanga chalichi pakati pa amalondawo. Wodziwika koposa anali Frei Pedro da Trindade, amene anthu anamkumbukira zaka zambiri cifukwa ca mankhwala ake. Koma wansembe yemweyo analinso ndi akapolo omkumbira golide. Mbiri sibisa zimenezi, ndipo ifenso tisazibise.

M'zaka za m'ma 1830 cilala ndi nkhondo zinathetsa msikawo, ndipo Apwitikizi anacoka. Mu November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. Pamene David Livingstone anafika pamathiriro a Luangwa mu January 1856, anapeza nyumba za miyala zitagwa, bwinja la chalichi, ndi belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo IHS. Panalibe wopempheramo.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo m'caka ca 1862. Pambuyo pake atsogoleri a Acikunda, monga Kanyemba ndi Matakenya, anakhala ndi magulu a mfuti amene anali kukwera cigwa ca Luangwa kufunafuna minyanga ndi anthu. Kumtunda kuno, makolo athu Asenga anali kukhala m'malinga poopa Angoni, Abemba ndi Aluya ogula akapolo. Cotero mabwinja a ku Zumbo sali nkhani ya alendo okha. Cigwa conse cinalawa zowawa za malonda amodzimodziwo.

Ca m'ma 1890 kunafika ansembe a Cijezuiti, namanga mishoni ya Miruro kumpoto kwa Zumbo. Anaipatsa dzina la Petro Claver Woyera, wansembe amene anatumikira akapolo a ku Africa pa doko la Cartagena ku Colombia kufikira imfa yake m'caka ca 1654. Pa mishoni imeneyi ana oomboledwa ku ukapolo anali kuphunzira kuwerenga ndi nchito zamanja. M'caka ca 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linapitikitsa Ajezuiti. Ena a iwo anaoloka Luangwa, nayamba mishoni za Kapoche ndi Katondwe kuno kwathu. Pobwerera madzulo imani pa Katondwe, pamseu wopita ku mlatho, muone cipatala ca mishoni cimene cithandiza anthu a maiko onse atatu.

Taonani tsono, abale: pamtsinje umodzi panaima chalichi cimene cinadyera limodzi ndi ogulitsa anthu, ndiponso mishoni imene inaombola ana. Zonse ziwiri zinali ndi mtanda. Mtanda wa pakhoma sutiuza zimene eni nyumba anali kucita. Timawadziwa poona m'mene anacitira ndi anthu opanda mphamvu.

Wokutsogolerani adzachula maina a Apwitikizi ndi zaka zao, pakuti ndi zimene zinalembedwa. Inu mumfunsenso kuti: Ndani anasenza miyala iyi? Anacokera ku midzi iti? Zidzukulu zao zili kuti lero? Musatole mwala kapena phale, ndipo musalembe maina anu pazipupa. Musanapite, khalani pansi ndi agogo anu kwa Chifunda, akuuzeni kumene kunali malinga ndi amene anatengedwa osabwerera. Lembani mainawo m'kabuku, cifukwa pa mabwinja a ku Zumbo simudzawapeza.